Yotsalira M'mbuyo

Kwathu ku Ntcheu munthu akakufunsa kuti ziweto zili bwanji, yankho limatuluka lokha: zili bwino. Tanthauzo lake n'lakuti palibe yafa, palibe yabedwa, palibe yagona osadzuka. Ng'ombe imene ikuponda mwendo umodzi monyinyirika, mbuzi imene ikudya udzu itagwada, nkhuku imene ikuyenda pang'ono n'kukhala pansi, zonsezo timaziika m'gulu la zili bwino. Chizolowezi chimenechi ndinakula nacho, ndipo chinayamba kundisowetsa mtendere chaka china pamene anthu ochita kafukufuku anafika pamudzi wa amalume anga, kumtunda kwa Tsangano, n'kukhala nawo pansi pa mtengo wa pichesi ndi mafunso awo. Anali achinyamata aulemu, anapereka moni bwino, anafotokoza chimene abwerera. Anafunsa kuti ng'ombe zilipo zingati, zafa zingati m'miyezi 12 yapitayi, zagulitsidwa zingati, ndi matenda ati amene avuta. Amalume anayankha zoona zokhazokha. Nthawi imeneyo n'kuti ng'ombe zili kudambo, ndipo alendowo ananyamuka dzuwa lisanapendeke. Madzulo ziweto zikubwerera, ng'ombe ina ya pangolo inafika yokha pambuyo pa zinzake zonse, msana utapindika, mutu ukudzuka nthawi iliyonse ikaponda mwendo wakutsogolo. Ndinati, "Amalume, nanga iyi simunaitchule bwanji?" Iwo anati, "Aa, mphwanga, imeneyo sikudwala. Ndi mwendo chabe."

Amalume sananame, ndipo achinyamata aja sanalakwitse polemba. Komabe pakati pa funso ndi yankho panagwera ng'ombe yathunthu osaoneka. Mwendo uja sunapole. Itakwana nyengo yokumba kachewere, ng'ombeyo inali italephereratu goli, ndipo inzake imene inazolowera kukoka nayo sinkagwirizana ndi ina iliyonse. Matumba anatsikira kumsewu waukulu pa ngolo yahayala. Kenako anabwera ogula nyama, anaizungulira, anaona mwendowo, n'kutchula mtengo umene munthu amatchula akadziwa kuti mwini alibe kolowera. Ngati ochita kafukufuku aja anabweranso chaka chotsatira, ng'ombeyo inalembedwa pa mzere wa zogulitsidwa, pamodzi ndi zimene anthu amagulitsa mwa kufuna kwawo kuti alipire fizi kapena agule malata. Ndimati ndikaganizira zimenezi, ndimaona kuti matenda a mayendedwe ali ndi njira yawoyawo yozembera mabuku. Sapha msanga ngati chigodola. Amadya pang'onopang'ono: ng'ombe imafika mochedwa pamsipu, imadya pamene zinzake zaponda kale, imagona nthawi yaitali, imaonda, mkaka umachepa, yaikazi imachedwa kutenga bere, nkhunzi imalephera kukwera. Pomaliza imachoka m'khola ndi dzina lina.

N'kosavuta kunena kuti vutoli ndi la kumudzi, kwa anthu amene sanapite patali ndi sukulu. Zimene zinapezeka ku Britain zikukana zimenezo. Mu 2003 Helen Whay ndi anzake a ku yunivesite ya Bristol anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa pa mafamu 53 a ng'ombe zamkaka. Eni mafamuwo atafunsidwa, anayerekeza kuti zotsimphina zinali pafupifupi 6 pa 100 zilizonse. Ofufuzawo ataima okha n'kuyang'ana ng'ombe zikudutsa, anapeza 22 pa 100. Kafukufuku wina wa mu 2010, wa pa mafamu 205 ku England ndi ku Wales, anapeza kuti ng'ombe zoposa imodzi mwa zitatu zilizonse zinali kutsimphina. Awatu ndi alimi okhala ndi madokotala pafupi, okama ng'ombe zawo m'mawa ndi madzulo, oziona tsiku lililonse. Diso la munthu limazolowera chimene chikusintha pang'onopang'ono, kaya ndi la ku Tsangano kaya ndi la ku Somerset. Nayo ng'ombe sithandiza. Ndi nyama imene makolo ake ankasakidwa, ndipo m'tchire yoonetsa kufooka ndi imene chilombo chimayamba kuithamangira, choncho imabisa ululu mpaka pamene yalephera. Ikafika poti aliyense wodutsa akuiona kuti ikutsimphina, ndiye kuti chilondacho chakhalitsa. Kufunsa mwini ziweto ndi ntchito ina, kuyeza ndi ntchito inanso. Fomu ya mafunso imakuuza zimene munthu akukumbukira ndi zimene iye amazitcha matenda. Zimenezo n'zofunika kuzidziwa, koma mayendedwe a ng'ombe sulowa nawo m'kope pongofunsa.

Mayendedwe amayezedwa ndi maso, ndipo pali njira yake. Imodzi imene yafala kwambiri inalembedwa mu 1997 ndi D. J. Sprecher ndi anzake ku Michigan, ku America. Imagawa ng'ombe kuyambira pa 1 mpaka pa 5, ndipo choyamba chimene imakuphunzitsa n'chakuti usathamangire kumwendo, yambira kumsana. Ng'ombe yabwinobwino imakhala ndi msana wowongoka ikaima ndi poyenda pomwe. Ya pa 2 msana umakhala wowongoka ikaima, koma umapindikira m'mwamba ikangoyamba kuyenda. Ya pa 3 umapindika ngakhale itaima, ndipo imaponda mofupikitsa. Ya pa 4 ndi ija ikuonekeratu kuti ikusunga mwendo, ndipo ya pa 5 imakana kuuponda n'komwe. Ife kwathu timayamba kuwerenga pa 4. Za pa 2 ndi pa 3, zimene zina mwa izo zikanachira sabata yomweyo pongochotsa kamwala kapena kutsuka chiboda, timazidutsa. Palinso chizindikiro china chimene aliyense amene anabusako amachidziwa: ng'ombe yoyenda momasuka, phazi lakumbuyo limaponda pomwe lakutsogolo lachoka kapena pafupi pomwepo. Pa njira yonyowa ungathe kuwerenga zimenezi ng'ombeyo itadutsa kalekale.

Koma ndikafika apa ndimaimanso. Muyezo umenewu anaupangira ng'ombe zazikulu zamkaka, zoyenda pa simenti kuchokera kokamira. Zathu n'zazing'ono, za linunda, zopepuka, zokulira m'miyala ya m'mapiri a Kirk Range, ndipo mlendo akaziyandikira zimathamanga, pamene ng'ombe yothamanga imabisa kutsimphina. Wofuna kuchita kafukufuku weniweni sangangotenga pepala la ku Michigan n'kulibweretsa pa khola la ku Njolomole ngati kuti nkhani yatha. Ayenera kuyamba wauyesa muyezowo: anthu awiri aime padera, ayang'ane ng'ombe zomwezo, aliyense alembe yekha osaonetsana, kenako afananize. Akasiyana kwambiri, ndiye kuti manambala awo akunena za maso awo kuposa za ng'ombe. Masiku ano foni imajambula kanema, choncho munthu wachitatu amene sanafike pamudzipo, amene sakudziwa kuti khola ili ndi la mfumu kapena kuti ng'ombe iyi inabayidwa jakisoni, angathe kuyang'ananso. Ena amaona ngati zimenezi n'zotaya nthawi, kapena kusakhulupirirana. Ine ndimaona kuti ulemu wa ntchitoyo wagona pomwepo. Munthu amene wayenda ulendo wautali, amene akufunitsitsa kuti mankhwala amene akuwayesa agwire ntchito, amaona ng'ombe ikuyenda bwinoko popanda kufuna kunama ngakhale pang'ono.

Nanga aime pati, ndipo liti? Ntcheu ili pawiri. Kumtunda kwa Tsangano ndi Lizulu kumazizira, nkhungu imakuta m'mawa, ndipo mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale khola limasanduka thope losakanikirana ndi ndowe, loti ng'ombe zimachezera chiimire. Chiboda chikakhalitsa m'chinyezi chotere chimafewa, khungu la pakati pa ziboda limang'aluka, tizilombo timalowa. Kumunsi, kuchigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, kumatentha. M'chilimwe nthaka imauma gwa, minga ndi zitsa zimachuluka, ndipo ulendo wokamwa madzi umatalika. Ng'ombe ya pangolo imene imatsika ndi kabichi pa msewu wa miyala ili ndi mavuto ake, ya mkaka yoima m'khola tsiku lonse ilinso ndi ake. Tsono alendo amakonda kufika m'chilimwe, poti ndi pamene galimoto imadutsa, ndipo amakonda midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1, poti ndi imene ungaifike n'kubwerera tsiku lomwelo. Sindikuwaweruza, mafuta ndi odula. Koma pepala lolembedwa kuchokera ku makola a m'mbali mwa tala m'mwezi wa Ogasiti liyenera kunena poyera kuti likukamba za makola a m'mbali mwa tala m'mwezi wa Ogasiti. Likadzitcha kafukufuku wa boma lonse la Ntcheu, wina ku Lilongwe adzaliwerenga n'kunena kuti kumeneko kulibe vuto. Ndipo ngakhale utafika nyengo yoyenera, ulendo umodzi umangokuonetsa zimene zatsala, chifukwa zotsimphina kwambiri zinapita kale kwa ogula nyama. Wobwerera ku makola omwewo mwezi ndi mwezi, amene akudziwa ng'ombe iliyonse ndi maanga ake ndi dzina lake, ndiye amaona pamene vuto linayambira, nthawi imene latenga, ndi kumene linathera.

Pali chinanso chimene fomu singachite, ndicho kunyamula mwendo. Kutsimphina ndi chizindikiro chabe, ndipo kuseri kwake kumakhala zinthu zosiyana kwambiri. Mwina ndi msomali kapena munga. Mwina ndi kuola kwa pakati pa ziboda, kumene fungo lake silisokonezeka ndi lina lililonse. Mwina ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija za mlomo wautali, zimene zimakonda kubisala pakati pa ziboda za mbuzi n'kusiya chotupa cha mafinya. Zomwezonso zimafalitsa matenda amene amadzaza madzi mozungulira mtima, ndipo chiweto chimayamba kuyenda mokweza miyendo, kuzungulira, kenako kugwa n'kumaphupha. Mwina vuto silili m'mwendo n'komwe koma mu ubongo kapena mumsana. Mwinanso ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene abuka kangapo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, oti ng'ombe imatsimphina miyendo ingapo nthawi imodzi dovu likuchucha. Kuti usiyanitse zimenezi uyenera kugwetsa ng'ombe ndi chingwe, ndipo pamafunika amuna angapo ndi munthu wodziwa kumanga kuti isavulale. Utsuke chibodacho, upale, uyang'ane, ununkhize, uyeze kutentha kwa thupi. Zina zimafuna magazi kapena kachidutswa ka chilonda, zoti zikafike ku labotale yaikulu ya za ziweto ku Bwemba mu Lilongwe zisanaonongeke ndi kutentha. Ndi ntchito yauve, yochedwa, yotheka kukuthyola dzanja. Koma popanda iyo pepala limangonena kuti ng'ombe zakutizakuti zikutsimphina, ndipo mlangizi wa ziweto akaliwerenga amasowa chokachita m'mawa wotsatira.

Matenda amene amandiphunzitsa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi aja madokotala amawatchula kuti a masiku atatu. Amabwera nthawi ya mvula, amafala ndi tizilombo touluka toluma. Ng'ombe imatentha thupi, imauma miyendo, lero ikutsimphina uwu mawa uwo, nthawi zina imagona osafuna kudzuka, makamaka zikuluzikulu zonenepa. Ndiye patapita masiku owerengeka zambiri zimadzuka zokha. Tangoganizani zimene zimachitika pamudzi. Wina waipaka oyilo wakuda wa galimoto, yadzuka. Wina waibaya jakisoni wa tetracycline wogula pamsika, yadzuka. Wina waisinjira makungwa, yadzukanso. Aliyense ali ndi umboni umene wauona ndi maso ake, ndipo palibe amene ungamutsutse pokambirana. Chonsecho kumwetsa ng'ombe yotere mokakamiza n'koopsa, chifukwa imavutika kumeza ndipo madziwo angalowe m'mapapo. Wophunzira naye amagwa m'mbuna yomweyo akapereka mankhwala kwa ziweto zonse zodwala n'kulemba kuti zochira n'zambiri. Kodi zikanachira zingati popanda mankhwalawo? Yankho limapezeka pokhapokha pali gulu lina loyerekezera nalo, ndipo chosankha kuti iyi ilowe gulu liti chikhale maere. Mtima wa wofufuza ukasiyidwa kuti usankhe, umapereka mankhwala atsopano kwa ng'ombe yooneka kuti ipirira.

Apa mtima wanga umagawanika. Ndingawauze bwanji mayi amene ali ndi mbuzi zinayi zokha kuti iyi tiisiya osaithandiza kuti tiphunzirepo? Sindingathe, ndipo sindikhulupirira kuti kafukufuku wabwino amafuna zimenezo. Chimene amafuna n'kuyerekeza njira zimene zonse zili ndi chiyembekezo, ndi kugwirizana pasadakhale kuti chiweto chikafika poipa chichotsedwa m'kafukufuku n'kupatsidwa thandizo lonse. Ku England anachita zotere ndi nkhosa. Kwa zaka zambiri alimi ndi madokotala omwe ankakhulupirira kuti chiboda choola uyenera kuchisenga ndi mpeni kuti mpweya ulowe. Gulu la Laura Green ku yunivesite ya Warwick linagawa nkhosa zodwala mwa maere, ndipo zotsatira zimene linafalitsa mu 2010 zinaonetsa kuti zobayidwa jakisoni popanda kusenga zinkachira mofulumira, pamene kusengako kunkachedwetsa kupola. Uphungu unasintha, ndipo nkhosa zotsimphina m'dzikomo zinatsika kuchoka pafupifupi pa 10 pa 100 mu 2004 kufika pa 5 pa 100 mu 2013. Chimene chinagwa pamenepo chinali chiphunzitso cha m'mabuku, chophunzitsidwa m'kalasi. Sindikunena kuti tikopere zimenezo pa mbuzi za ku Bilira, kumene jakisoni ali kutali ndipo wa pamsika nthawi zina amakhala atakhalitsa padzuwa. Ndikunena kuti nafenso tili ndi zikhulupiriro zathu, za kumudzi ndi za kusukulu zomwe, zimene zikudikira munthu woziyesa mwachilungamo. W. I. B. Beveridge, amene mu 1941 ku Australia anafotokoza kachilombo koyambitsa kuola kwa ziboda za nkhosa, anaonetsa kuti kachilomboko sikakhalitsa pa nthaka kakachoka m'chiboda. Ndiye kodi kusamutsa khola, kapena khola lam'mwamba limene alangizi amalimbikitsa, kumachepetsa kutsimphina kwa mbuzi ndi mlingo wotani kuno kwathu? Limenelo ndi funso laling'ono, lotheka kuliyankha ndi kope, pensulo ndi nyengo ziwiri za mvula.

Komabe sindifuna kuti zimveke ngati nzeru zonse zili m'maere ndi m'manambala. Funso labwino limabadwa kaye m'kuyang'ana. Arnold Theiler, dokotala wa ziweto wochokera ku Switzerland amene anayambitsa malo ofufuzira a Onderstepoort ku South Africa mu 1908, amenenso kachilombo ka chigodola cha ng'ombe kanatengera dzina lake, analimbana ndi matenda otchedwa lamsiekte. Ng'ombe zinkafooka miyendo, kugona, kulephera kudzuka, n'kufa, ndipo alimi ankataya zochuluka. Akatswiri anaganizira zomera zakupha ndi zina zambiri, osapeza. Mu 1919, pa famu ya Armoedsvlakte pafupi ndi Vryburg, mfundo inamasuka chifukwa cha chinthu chimene anthu ankachiona koma osachiwerengera: ng'ombe zinkatola mafupa a nyama zakufa n'kumatafuna. Nthaka ndi udzu wa kumeneko zinali zoperewera mchere wa phosphorus, thupi linkaulakalaka, ndipo m'mafupa oolawo munali poizoni wa tizilombo amene amafoola mitsempha. Theiler sanaime pa kuona kokha. Anadyetsa zoola zoterozo ng'ombe zabwinobwino ndipo matenda anaoneka. Anapatsa zina ufa wa mafupa wokonzedwa bwino ndipo chilakolako chija chinatha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikakumbukira ng'ombe zathu m'mwezi wa Okutobala zikutafuna fupa kapena chisanza kuseri kwa nyumba, ana akuzipirikitsa, ndimadzifunsa kuti ndi zingati zimene zimachitika pamaso pathu zikudikira munthu woti aime n'kufunsa chifukwa chake.

Ndipo woona zimenezi kawirikawiri sakhala mwini khola. Fomu imafuna mutu wa banja, choncho amayankha ndi bambo, pamene woyenda pambuyo pa ng'ombe kuyambira m'mawa ndi mnyamata waganyu, ndipo wotsegulira mbuzi ndi kusesa khola la nkhuku ndi mayi. Mbusa amadziwa tsiku limene ng'ombe inayamba kutsalira, pamene inaterereka powoloka mtsinje, amene anaigenda ndi mwala. Pamaso pa abwana ake sanganene, makamaka ngati wogendayo anali iye. Kumpoto kwa Tanzania abusa a mtundu wa Maasai ankadandaula za nkhosa ndi mbuzi zimene zinkazungulira pamalo amodzi, kupendeketsa mutu, kuyenda mwadzandidzandi mpaka kufa. Ofufuza a ku Tanzania ndi a ku yunivesite ya Glasgow anawamvera, anapima ziweto zimene eni ake analoza kuti zili ndi vutoli, anatsegula mitu, ndipo m'zambiri anapeza thumba la madzi mu ubongo. Zotsatira zinatuluka mu 2019. Thumbalo ndi mwana wa njoka ya m'mimba mwa galu. Galu amasiya mazira ake pa udzu, mbuzi imadya, ndipo galu akadzapatsidwa ubongo wa mbuziyo nkhani imayambiranso. Ku Tete, kutsidya kwa malire athu, matumba omwewa anapezekanso m'mbuzi za pamalo ophera nyama. Mbuzi yozungulira sitiidabwa kuno. Timaipha msanga, ndipo chooneka choipa m'mutu timaponyera galu. Kafukufuku ameneyu amandikhudza chifukwa yankho lake lili m'manja mwathu: kukwirira kapena kuotcha ubongowo, ndi kupatsa agalu mankhwala a njoka. Koma kuti lipezeke panafunika wophunzira amene anakhulupirira kuti mbusa akunena chinthu chenicheni, ndi mbusa amene analola kuti mutu wa chiweto chake utsegulidwe.

Munthu wina anandifunsapo kuti, chiweto chimene mapeto ake ndi mpeni, kuvutikiranji ndi mayendedwe ake? Ndikanatha kumuyankha ndi za ndalama, ndipo yankholo likanakhala loona. Koma pali linanso. Pa misika ya ku Ntcheu boma ndi ku Kampepuza mumaona nkhuku zoyera za nyama, zokula msanga, zina zitangokhala pansi, zoti zikaima miyendo imanjenjemera. Timati zanenepa. Mu 2000 ofufuza a ku Bristol komweko anafalitsa zimene anapeza ataikira nkhuku zotere zakudya ziwiri zopakidwa mitundu yosiyana, china chosakaniza ndi mankhwala opha ululu, china chopanda. Nkhuku zotsimphina zinasankha chakudya cha mankhwala kuposa mmene zinachitira zoyenda bwino, ndipo zimene zinkatsimphina kwambiri zinkadyanso chochuluka. Kafukufuku wa mu 2008 wa nkhuku 51,000 ku Britain anapeza kuti zoposa 27 pa 100 zinkayenda movutika zili ndi masiku pafupifupi 40 okha. Mwa zonse zimene ndawerenga, njira ya zakudya ziwiriyo ndi imene ndimaisilira kwambiri, chifukwa inapatsa chiweto mpata woti chidzinenere chokha. Munthu akadziwa kuti kutsimphina ndi ululu, chikwapu chimene chimagwa pa ng'ombe yochedwa pagoli chimamulemera m'manja.

Masiku ano ku Bunda, ku yunivesite ya LUANAR, akuphunzitsa madokotala a ziweto, maphunziro amene kale munthu ankakawapeza kunja kwa dziko. Ana athu amenewa, pamodzi ndi anzawo a maphunziro a ulimi wa ziweto, amafunika kulemba pepala la kafukufuku asanamalize, ndipo ndalama ndi miyezi zimakhala zochepa. Fomu ya mafunso imakopa chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imadzaza kope msanga. Ndikumvetsa. Koma ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi mmodzi wa iwo, ndikanamupempha kuti achepetse funso lake mpaka likhale loti angaliyankhe moona. Atenge makola ochepa ozungulira dibi limodzi, ngakhale dibilo linasiya kugwira ntchito, awasankhe mwa maere kuchokera pa mndandanda wonse, osatsata amene mfumu kapena mlangizi walozera, poti olozeredwa amakhala alimi achitsanzo. Alembe asanayambe chimene akufuna kuyeza, kuti asadzasinthe funso ataona kumene manambala akupendekera. Afike m'mawa ng'ombe zikutuluka m'khola, aime pambali, mbusa aziyendetse mwakachetechete popanda chikwapu. Alembenso zimene zinakanika: khola limene mwini anakana, magazi amene anaonongeka panjira, ng'ombe imene inasowa pakati pa chaka ndi kumene inapita. Akapeza kuti mankhwala ake sanasinthe kanthu, alembe zomwezo, kuti wobwera pambuyo pake asadzatayenso ndalama pa njira yomweyo. Ndipo mnzake wa chaka chotsatira apitirize pa makola omwewo m'malo moyamba mutu watsopano ku boma lina.

Pali mantha amene wofufuza ayenera kuwadziwa asanalowe pamudzi. Mlimi amene anamvapo zimene zimachitika matenda a m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, misika ya ziweto kutsekedwa, kuyendetsa ndi kupha ziweto kuletsedwa, amazengereza kuonetsa mlendo ng'ombe yotsimphina. Kuno kumalire nkhawa imakula, poti ku Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo ziweto, msipu ndi chibale zimawoloka mbali zonse ziwiri. Wina amaopa kuti owerenga ng'ombe ndi a msonkho, wina kuti mawu adzafika kwa akuba. Wofufuza woona mtima amanena poyambirira kuti mayina sadzatuluka, komanso kuti akaona matenda ofala amene lamulo limafuna kuti anenedwe, adzanena ku ofesi ya za ziweto. Ena adzakana atamva zimenezo, ndipo ndi ufulu wawo. Otsalawo adzakhala atavomera akudziwa, ndipo amenewo ndi amene adzatumize uthenga usiku kuti bwerani, ina yagwa.

Chimene anthu a kwathu amadandaula kwambiri n'chakuti wofunsa sabweranso. Pepala limalembedwa m'Chingerezi, limasungidwa ku laibulale kapena limatuluka m'magazini ya akatswiri imene mlangizi wa ku Kandeu sangaione, ndipo amene anagwira chingwe pogwetsa ng'ombe samva kalikonse. Ndalama za ulendo wobwezera zotsatira ziyenera kulembedwa m'bajeti kuyambira pachiyambi, mofanana ndi za mafuta ndi za labotale, chifukwa zikasiyidwa kumapeto zimapezeka zitatha. Msonkhanowo uchitikire pakhola, m'Chichewa, abusa ndi amayi alipo, chiboda chili m'manja, ndipo anthu apatsidwe mpata wotsutsa, poti nthawi zina iwo ndi amene amadziwa chifukwa chimene manambala a khola lakuti akuonekera achilendo. Nthawi yakenso ndi yofunika. Zotsatira zonena za matope zikafika mu Malichi, ziboda zaola kale. Zifike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, pamene manyowa akutuluka kupita kumunda, ndipo munthu angathe kusamutsa khola kupita pokwera, kukumba ngalande kumtunda kwake ndi kufolera mbali imodzi mvula yoyamba isanagwe.